Pampu ya kashiamu m'minofu: kodi ATP imagwira ntchito yanji kwenikweni?

Mwana wa Sukulu: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mayeso a bayokemisitiri sabata yamawa ndipo pali chinthu chimodzi chandizunguza mutu. M'buku alemba kuti mnofu ukatha kukungika, pampu yotchedwa SERCA imabweza kashiamu m'thumba lake pogwiritsa ntchito ATP, molekyu imene imanyamula mphamvu m'selo. Mpaka pamenepo ndikumva. Koma chithunzi chimene ajambula ndi mivi yokhayokha, E1, E1P, E2P, E2, kuzungulira ngati gudumu. Kuloweza ndaloweza, koma wina atandifunsa kuti ATP ikuchita chiyani pamenepo, ndingoti kakasi. Kodi ATP ikasweka imaphulika n'kukankha kashiamu? Ndithandizeni chonde.

Aphunzitsi Opuma: Mwanawe, funso limeneli usachite nalo manyazi. Ndinaona ana ambiri akujambula gudumu limenelo bwinobwino pa mayeso osadziwa chimene chikuzungulira. Tisanafike pa ATP, tiyambe taona vuto limene pampuyi ikulimbana nalo.

Mnofu ukakhala phee, kashiamu woyendayenda m'madzi a m'selo amakhala wochepa zedi, pafupifupi nanomola 100. Koma m'kati mwa thumba limene limakuta tizingwe ta mnofu, lija amati sarcoplasmic reticulum, kashiamu wosamangika amayandikira milimola 1. Ndiye kuti m'thumbamo ndi wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 10,000. Uthenga ukabwera kuchokera ku mtsempha, zipata za thumbalo zotchedwa ryanodine receptor zimatseguka, kashiamu amakhuthukira kunja yekha popanda womukankha, amakagwira puloteni ya troponin, inzake tropomyosin imene imatchinga actin imasuntha, myosin n'kugwira actin n'kuyamba kukoka, poti awiriwa ndiwo amapanga tizingwe ta mnofu. Kutulukako n'kutsetsereka, sikulira mphamvu. Ntchito yagona pobwerera. Kuti dzanja limene wafumbatalo litambasuke, kashiamu yense uja ayenera kukwezedwa chitunda, kubwerera kumene anzake ali kale thithithi. Anthu ambiri amayesa kuti mphamvu zimathera pokungika pokha, chonsecho kumasuka nakonso kumadya ATP.

Mwana wa Sukulu: Zikomo aphunzitsi, zimenezo zalowa. Nanga kukwezako kumachitika bwanji?

Wa ku Labu: Mundilole ndilowererepo aphunzitsi, poti puloteni imeneyi ndagwira nayo ntchito ndi manja angawa. Mng'ono wanga, choyamba chotsa maganizo a kuphulika aja. Palibe chimene chimaphulika. Mphamvu ya ATP ikanangotuluka nthawi imodzi, bwenzi ikusanduka kutentha basi, kashiamu osasuntha n'komwe.

Taganiza za kanjira kodutsa m'khoma, kokhala ndi zitseko ziwiri, china mbali ya m'selo, china mbali ya m'thumba. Lamulo lake ndi limodzi: zitseko ziwirizi zisatsegukire pamodzi. Zitatero, kashiamu wa m'thumba akhoza kuthawa yense chifukwa ndi kumene wachuluka. Pakati pa kanjirako pali malo awiri okhalapo kashiamu. Ntchito ya pampu ili pawiri: kusinthanitsa zitseko, komanso kusintha kagwiridwe ka malo awiriwo. Ikayang'ana m'selo imagwira kashiamu zolimba, moti ngakhale atachepa chotani imamutola. Ikayang'ana m'thumba imamugwira mofooka, moti ngakhale kumeneko kuli kodzaza imamutaya. Maonekedwe oyambawo ndiwo E1, achiwiriwo ndiwo E2. ATP ndi imene imakakamiza kuti masinthidwewa azitsatana mbali imodzi yokha, osabwerera m'mbuyo.

Puloteni yake ndi chingwe chimodzi cha ma amino asidi 994, ndikunena ya m'minofu yothamanga ya kalulu, imene anthu aifufuza kwambiri. Chingwecho chimaboola nembanemba ya thumba ka 10, ndipo mizati imeneyi timaitcha M1 mpaka M10. Mbali ya m'selo kuli mutu waukulu wa zigawo zitatu: N imene imagwira ATP, P imene imalandira fosifeti, ndi A imene imazungulira n'kumakoka mizati ija.

Kadzidzi: Achemwali mwafotokoza bwino. Ine ndimakonda masamu, ndiye ndiike manambala kuti tione ngati ATP imodzi ikukwanadi. Mphamvu yofunika kukweza molo imodzi ya chinthu ndi RT (R ndi nambala yosasintha, T ndi kutentha) kuchulukitsa ndi ln (logarithm) ya kuwirikiza kwa kuchuluka kwa mbali ina poyerekeza ndi inzake. Pa kutentha kwa thupi, madigiri 37, RT ndi pafupifupi 2.6 kJ pa molo. Ln ya 10,000 ndi 9.2. Tikachulukitsa tipeza pafupifupi 24 kJ. Pampuyi imanyamula maayoni awiri pa ATP imodzi, ndiye 48 kJ. ATP m'selo lamoyo imapereka pakati pa 50 ndi 60 kJ pa molo. Taonani mmene zayandikirana! Pampuyi imagwira ntchito pafupi ndi malire a zimene chilengedwe chimalola. Maayoni atatu sakanatheka pa chitunda chimenechi.

Namwino wa Usiku: Achimwene, nanga chaji? Kashiamu ali ndi pozitivi ziwiri. Sizikuwonjezera mtengo wake?

Kadzidzi: Mwafunsa bwino achemwali. Pa nembanemba ya kunja kwa selo zikanawonjezera kwambiri. Koma nembanemba ya thumbali ili ndi tinjira tina timene potaziyamu ndi kolorayidi amadutsamo momasuka, ndiye kusiyana kwa magetsi pakati pa mbali ziwirizo kumakhala pafupi ndi ziro. N'chifukwa chake ndawerengera kuchuluka kokha.

Mwana wa Sukulu: Achemwali a ku labu, za zitseko ndamva. Koma chimene chikugwira kashiamuyo ndi chiyani? Puloteni ilibe zala.

Wa ku Labu: Zala ili nazo, ndi maatomu a okosijeni. Kashiamu m'madzi sayenda wamaliseche, amazunguliridwa ndi mamolekyu a madzi amene okosijeni wake amaloza kwa iye. Kuti alowe mu puloteni ayenera kuvula madziwo, ndipo sangavule ngati sanapeze okosijeni wina wolowa m'malo mwake. Pampu imamupatsa ameneyo. Malo oyamba, akuya kwambiri, amapangidwa ndi Asn768 ndi Glu771 za pa M5, Thr799 ndi Asp800 za pa M6, ndi Glu908 ya pa M8 (zilembozo ndi dzina la amino asidi, nambala ndi malo ake pa chingwe). Malo achiwiri ali makamaka pa M4. Pamenepo mzatiwo ndi womasuka pang'ono pakati, osapotana ngati inzake, ndiye okosijeni wa pamsana wa chingwe, pa Val304, Ala305 ndi Ile307, amaloza m'kati. Powonjezera pali Glu309, Asn796 ndi Asp800 yomwe ija. Taona, Asp800 ili konsekonse: okosijeni wake mmodzi wagwira ayoni yoyamba, winayo wagwira yachiwiri. Maayoni awiriwo atalikirana ma angstrom osakwana 6 (ma angstrom 10 amapanga nanomita imodzi).

Amalowa motsatana. Yoyamba ikakhala pamalo pake, imakonza malo a inzake, ndiye yachiwiri imalowa mosavuta. Yachiwiriyo ikakhazikika, Glu309 imapindika n'kuivundikira ngati chivundikiro. Sufunika kuloweza manambala onsewa, koma Glu309, Asp800 ndi Asp351 uzisunge pamtima.

Mwana wa Sukulu: Asp351 simunaitchule pamwambapa.

Wa ku Labu: Ndiyo mwini nkhani. Ili kumutu kuja, m'chigawo cha P, pa kachigawo ka zilembo DKTGT kamene kamapezeka m'mapampu onse a banja limeneli, ngakhale ya sodiyamu ndi potaziyamu imene Jens Christian Skou anaitulukira mu 1957, ngakhalenso imene imathira asidi m'mimba. ATP simangosweka m'madzi ayi. Okosijeni wa Asp351 amalimbana ndi fosifolasi wa fosifeti yomaliza ya ATP, n'kuilanda. Fosifetiyo imamatirira pa puloteni penipeni, ADP, imene ndi ATP yotaya fosifeti imodzi, n'kutsala. N'chifukwa chake banjali limatchedwa P-type. Apa pamafunikanso maginiziyamu, chifukwa fosifeti ndi negetivi, Asp351 nayonso ndi negetivi, zikanakankhana. Maginiziyamu amakhala pakati n'kuziyanjanitsa.

Mfundo imene ikuyankha funso lako loyamba ndi iyi: chimene chikumanga fosifeti ku aspartate (Asp351 ija) ndi mfundo imene ili ndi mphamvu zofanana ndi za mu ATP momwe. Choncho pa sitepe imeneyi mphamvu sizinatayike, zangosamuka. Umboni wake ndi woti ukathira ADP yambiri pa E1P, imene ndi E1 yokhala ndi fosifeti, fosifeti imabwerera n'kupanganso ATP.

Chimene chimandisangalatsa mpaka lero ndi mtunda. Kuchokera pa Asp351 kukafika pamene pakhala kashiamu pali ma angstrom pafupifupi 50. Kwa atomu umenewo ndi ulendo wautali. ATP sikhudza kashiamu ngakhale pang'ono. Koma Asp351 silandira fosifeti mpaka maayoni onse awiri atakhala pamalo pake, chifukwa ndi kukhala kwawoko kumene kumawongola M5 ndi kusuntha M4, ndipo mizati imeneyi imakafika mpaka m'chigawo cha P. Uthenga umayenda ndi kusuntha kwa mizati, ngati mmene chogwirira cha chitseko chimasunthira loko.

Aphunzitsi Opuma: Pitirizani mayi, mwafika pokoma. Fosifeti yamatirira, kenako?

Wa ku Labu: Pamene N yawerama kudzapereka ATP kwa P, chigawo cha A chimapendekeka n'kukokera M1 ndi M2 m'mwamba. M1 imapindika n'kugona, n'kutsekera Glu309 kuti isasunthenso. Chitseko cha mbali ya m'selo chatsekeka. Cha m'thumba sichinatseguke. Maayoni awiri aja atsekeredwa m'kati, sangapite kuno kapena uko. Ameneyo ndiye E1P.

ADP ikachoka, mutu umamasuka ndipo A imazungulira kwambiri, kuyandikira kota ya bwalo lonse, n'kudzakhala pamene panali ADP. Pozungulirapo imakoka M1 mpaka M4, ndipo mbali ya m'thumba mizatiyo imatasa. Tsopano taona zimene zachitikira zala zija. Maokosijeni amene anazungulira kashiamu mwadongosolo abalalika, Glu309 ikuloza kwina, Asn796 kwina. Malo amene ankagwira kashiamu ngakhale ali wosakwana maikulomola imodzi, tsopano akufuna mamilimola kuti amugwire. Kagwiridwe kafooka kuposa ka 1,000. Kashiamu amavalanso madzi ake n'kutulukira m'thumba. Ameneyo ndiye E2P. Ndipo ADP singathenso kulanda fosifeti ija, poti njira yake yatsekedwa ndi A.

Wothamanga: Ine si wa sayansi, ndimangothamanga mtunda wautali, koma ndikutsatira. Funso langa ndi ili: kashiamu akachoka, malo aja odzaza negetivi sakankhana okhaokha mpaka puloteni kuwonongeka?

Wa ku Labu: Achimwene, mwafunsa funso la munthu wa sayansi. Akanakankhanadi. Chimene chimachitika n'choti mapulotoni awiri kapena atatu ochokera m'thumba amadzakhala pa ma glutamate ndi aspartate aja n'kuziziritsa chaji. Akakhala, mizati imabwerera pamodzi, chitseko cha m'thumba n'kutsekeka. Mapulotoniwo amadzatulukira mbali ya m'selo pampu ikabwerera ku E1. Choncho pampuyi ndi yosinthanitsa: kashiamu awiri kulowa, mapulotoni kutuluka.

Pokhapokha chitsekocho chitatsekeka m'pamene fosifeti imachotsedwa. Pa chigawo cha A pali kachingwe ka zilembo TGES. Glu183 ya pamenepo imagwira molekyu imodzi ya madzi, n'kuiimika molunjika fosifolasi, n'kuilanda pulotoni kuti ikhale yaukali. Madziwo amadula mfundo ija, fosifeti n'kuyoyoka. Mutu umamasuka, A imabwerera kwawo, chitseko cha m'selo n'kutseguka. Gudumu lakwana.

Mwana wa Sukulu: Eee, ndiye kuti madzi amene mabuku amati amaswa ATP amabwera kumapeto kwenikweni, ADP itapita kalekale!

Aphunzitsi Opuma: Wagwira pamenepo mwanawe. Kusweka kwa ATP kwagawidwa pawiri, ndipo pakati pa magawo awiriwo m'pamene kashiamu amawolokera.

Kadzidzi: Ndiye tinganene mwachidule kuti mphamvu zimagwiritsidwa ntchito pa sitepe ya E1P kupita ku E2P. Koyamba fosifeti ili ndi mphamvu zambiri, kwachiwiri ili ndi zochepa. Kusiyanako ndi kumene kwakweza kashiamu. Pa mayeso lemba zimenezo mng'ono wanga.

Aphunzitsi Opuma: Achimwene, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Mabuku ambiri amaterodi, ndipo mayina akuti fosifeti ya mphamvu zambiri ndi ya mphamvu zochepa ndi othandiza. Koma mukaloza sitepe imodzi n'kunena kuti mphamvu zathera apa, mwana adzaganizanso za kuphulika kuja, kungoti wakusamutsira pena. William Jencks, katswiri wa maenzaimu amene anaifufuza kwambiri pampu imeneyi, ankalimbikira kuti chinsinsi chili m'malamulo a katsatidwe. Enzaimu imalandira fosifeti ya ATP pokhapokha kashiamu atakhala. Kashiamu amatulukira m'thumba pokhapokha fosifeti itamatirira. Madzi amadula fosifeti pokhapokha kashiamu atachoka. Malo amayang'ananso m'selo pokhapokha fosifeti itachoka. Mukasunga malamulo anayiwa, ATP singathe kusweka popanda kuwolotsa kashiamu, ndipo mphamvu zimawerengedwa pa gudumu lonse, osati pa sitepe imodzi.

Kadzidzi: Sindikukana aphunzitsi, koma pa sitepe imeneyo m'pamene kagwiridwe ka kashiamu kamafooka ka 1,000. Kufooketsa kumeneko sikwaulere. Wina wake walipira.

Aphunzitsi Opuma: Zoona, ndipo wolipirayo ndi fosifeti. Mu E2P puloteni imaikumbatira fosifeti zolimba, n'kuibisa kumadzi. Zimene yapindula pogwira fosifeti zolimba ndi zimene yataya pogwira kashiamu mofooka. Ziwirizi sizingagwiridwe zolimba nthawi imodzi, china chikalimba chinzake chimafooka. N'chifukwa chake sitepeyo payokha sitsetsereka kwambiri, imatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Umboni ulipo. Mukachotsa kashiamu yense, E2 imatola fosifeti wamba m'madzi n'kupanga E2P popanda ATP iliyonse. Zimenezi anazionetsa a gulu la Leopoldo de Meis ku Brazil m'zaka za m'ma 1970. Mfundo imene m'madzi imalira mphamvu zambiri kuti imangike, m'kati mwa E2 imamangika yokha.

Kadzidzi: Pamenepo ndavomera. Ndiye kuti ndi kusinthana kwa kagwiridwe, osati kuwononga mphamvu malo amodzi. Komabe kwa mwana wa mayeso ndikuti atchule kuti kufooka kwa kagwiridwe ka kashiamu kumachitikira pa sitepe imeneyo, chifukwa wochonga adzafuna kuziona.

Aphunzitsi Opuma: Pa zimenezo tagwirizana.

Mwana wa Sukulu: Ngati sitepe iliyonse ingabwerere, ndiye kuti pampu yonse ingayende chafutambuyo?

Aphunzitsi Opuma: Imayendadi. Wilhelm Hasselbach ndi Madoka Makinose, amene anafotokoza pampuyi mu 1961, anaonetsanso mu 1971 kuti mukadzaza timatumba ndi kashiamu, n'kuchotsa wa kunja, n'kuthira ADP ndi fosifeti, kashiamu amatuluka kudzera m'pampu ndipo ATP imapangika. Kawerengedwe kake n'komweko: awiri pa imodzi. Setsuro Ebashi ndi Fritz Lipmann nawonso anali ataonetsa mu 1962 kuti timatumba timeneti timameza kashiamu tikapatsidwa ATP. David MacLennan anaipatula puloteniyi payokha mu 1970, ndipo mu 1985 gulu lake linawerenga ndondomeko ya ma amino asidi ake. Koma zonse za zitseko tinkaziphunzitsa mongokhulupirira mpaka chaka cha 2000, pamene Chikashi Toyoshima ndi anzake ku Tokyo anatulutsa chithunzi cha maatomu ake, kashiamu awiri ali m'kati. Ndimakumbukira ndikuchiyang'ana chithunzi chimenecho nthawi yaitali, chala chili pa timadontho tiwiri tija. Pambuyo pake gulu lomwelo, komanso la Poul Nissen ku Aarhus, linajambula maonekedwe enawo mmodzimmodzi, mpaka gudumu lonse linaoneka ndi maso.

Wa ku Labu: Ndikuuzeni mmene malamulo a aphunzitsi amaonekera patebulo. Timatenga timatumba ta mnofu, tooneka ngati kamatope kotuwa pansi pa chubu, n'kutisungunula. M'kagalasi kakang'ono timathiramo ATP, maginiziyamu, ndi maenzaimu awiri amene amachititsa kuti ADP iliyonse ikatuluka, NADH imodzi ithe. Makina amayeza kuwala kumene NADH imameza pa nanomita 340 n'kumajambula mzere. Popanda kashiamu mzerewo umayenda chogona, pafupifupi osatsika. Ukadonthezamo kashiamu, pompo umayamba kutsika. Pakapita kanthawi umayambanso kugona, chifukwa timatumba tadzaza ndipo E2P ikulephera kutaya katundu wake. Ukathiramo A23187, mankhwala amene amadutsitsa kashiamu pa nembanemba, timatumba timayamba kudontha, mzere n'kugwa chamutu. Pomaliza kadontho ka thapsigargin, mzere n'kuima nji.

Tsiku lina ndili wophunzira ndinataya ntchito ya tsiku lonse. Mzere sunkatsika ngakhale ndithire kashiamu wochuluka bwanji, ndipo ndinayesa kuti puloteni yafa. Madzulo m'pamene ndinazindikira kuti m'madzi amene ndinakonza simunali maginiziyamu. Kuyambira tsiku limenelo sindinaiwalenso kuti chimene pampu imalandira si ATP yokha, ndi ATP yoyenda ndi maginiziyamu.

Wothamanga: Thapsigargin ndi chiyani achemwali?

Wa ku Labu: Ndi poizoni wochokera ku chomera chotchedwa Thapsia garganica, cha m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Amalowa pampata wa pakati pa M3, M5 ndi M7 pamene pampu ili mu E2, n'kukhala ngati mphero, mizati osasunthanso. Wochepa kwambiri, wosakwana nanomola imodzi, amakwana. Cyclopiazonic acid, wochokera ku nkhungu, amatseka pakhomo polowera kashiamu.

Namwino wa Usiku: Ine nkhaniyi ikundifika pamtima chifukwa cha odwala mtima amene ndimawasamala. Munthu wa mtima wofooka amavutika kupuma akagona chagada, miyendo n'kutupa, ndipo madokotala amanena kuti mtima wake sukumasuka bwino pakati pa kugunda. Kodi ndi pampu yomweyi?

Aphunzitsi Opuma: Ndi m'bale wake, mayi. Majini ake alipo atatu: ATP2A1 imene imapanga SERCA1, ATP2A2 imene imapanga SERCA2a ndi SERCA2b, ndi ATP2A3. Minofu yothamanga ili ndi SERCA1, mtima ndi minofu yochedwa zili ndi SERCA2a, ndipo SERCA2b ili pafupifupi m'selo lililonse la thupi. Mu mtima wa munthu, pafupifupi magawo 70 pa 100 a kashiamu wa kugunda kulikonse amabwezedwa ndi pampuyi, wotsalayo ambiri amatulutsidwa kunja kwa selo posinthana ndi sodiyamu. Mu mtima wofooka ntchito ya SERCA2a imatsika, ndiye mavuto amabwera pawiri. Kashiamu amachedwa kuchoka, mtima osamasuka msanga kuti udzaze magazi. Komanso thumba silidzaza mokwanira, ndiye kugunda kotsatira kumakhala kofooka.

Pampu ya mu mtima ili ndi buleki yake, kapuloteni ka ma amino asidi 52 kotchedwa phospholamban. Kamagona mumpata wa pakati pa M2, M6 ndi M9 n'kuchititsa kuti pampu ivutike kupita ku maonekedwe ogwira kashiamu. Munthu akadzidzimuka kapena akayamba kuthamanga, adrenaline imadzutsa enzaimu ya PKA, imene imamata fosifeti pa Ser16 ya phospholamban. Buleki imamasuka, pampu imatola kashiamu msanga, mtima umamasuka msanga ndipo umagunda mwamphamvu.

Namwino wa Usiku: Nanga bwanji osangowonjezera pampuyo mwa odwalawo?

Wa ku Labu: Anayesa achemwali. Anaika jini ya SERCA2a m'kavairasi kosavulaza n'kukalowetsa m'mitsempha ya mtima, pa kafukufuku wotchedwa CUPID. Woyamba, wa anthu ochepa, anapereka chiyembekezo. Wachiwiri, wa anthu ambiri, sanaonetse phindu, ndipo atayeza minofu ya mtima ya ena mwa odwalawo anapeza kuti jini imene inalowa m'maselo inali yochepa kwambiri. Ine ndimaona kuti ganizolo silinafe, chovuta ndi kafikitsidwe.

Wothamanga: Tsopano ndifunse za ine. Ndikatha mtunda wautali miyendo imalimba, nthawi zina katumba amakokana usiku mpaka ndimadzuka ndikubuula. Pampu yanga ndi imene yatopa?

Aphunzitsi Opuma: Tisiyanitse zinthu ziwiri achimwene. Mnofu wotopa umachedwadi kumasuka, ndipo pampuyi ili nawo mbali. Kumbukirani masamu a achimwene a Kadzidzi aja, kuti mpata ndi wochepa. ADP ndi fosifeti zikachuluka m'selo, mphamvu imene ATP imapereka imatsika, ndipo pampu imayamba kulemedwa. Koma kukokana kowawa kwa usiku kuja kumayambira ku mitsempha, imene imatumiza uthenga wothithikana mosalekeza. Akayeza ndi makina a magetsi amapeza mnofu uli piringupiringu. Pali nthenda ina yosowa, ya Brody, imene inafotokozedwa mu 1969, ndipo imabwera jini ya ATP2A1 ikalakwika. Wodwalayo akathamanga kapena akafumbata manja mobwerezabwereza, minofu imalimba n'kumachedwa kumasuka, makamaka kukazizira. Koma pamenepo makina aja amangoti zii, chifukwa mitsempha yaleka kale kulankhula, ndi kashiamu chabe amene wachedwa kuchotsedwa.

Namwino wa Usiku: Ndinaonapo kamodzi wodwala ali pa opaleshoni thupi likuuma gwa, kutentha kukukwera mofulumira moti tonse tinachita mantha. Anamupulumutsa ndi dantrolene. Ndinkayesa kuti pampu ndi imene inaima.

Wa ku Labu: Ayi achemwali, pamenepo pampu inali kugwira ntchito mopitirira muyezo. Nthenda imeneyo, malignant hyperthermia, vuto lake lili pa chipata chotulutsira, ryanodine receptor. Mankhwala ena ogonetsa amachisiya chili pululu mwa anthu amene anabadwa nacho cholakwika. Kashiamu amatuluka, pampu imabweza, amatulukanso, imabwezanso, ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. ATP yonse imene pampu ndi myosin zikuwotcha imasanduka kutentha. Dantrolene amatseka chipatacho.

Kadzidzi: Ndipo pali zamoyo zimene zimachita zomwezo mwadala. Nsomba za m'nyanja zikuluzikulu monga swordfish ndi marlin zili ndi mnofu pafupi ndi maso umene unasiya kukoka, koma ndi wodzaza ndi matumba a kashiamu ndi mapampu. Umangozunguza kashiamu kuti ufunditse ubongo ndi maso nsombayo ikamira m'madzi ozizira. M'minofu ya nyama zoyamwitsa mulinso sarcolipin, kapuloteni ka ma amino asidi 31, kamene pa mbewa za kafukufuku kaonetsa kuti kamachititsa pampu kuswa ATP yambiri kuposa kashiamu amene yawolotsa, n'kutulutsa kutentha. Ndiye malamulo a Jencks aja thupi limatha kuwamasula pang'ono likafuna moto.

Mwana wa Sukulu: Ndiyese kulemba mmene ndamvera, mundikonze. Kashiamu awiri akhala pamalo pake, zimenezo zilola Asp351 kulanda fosifeti ya ATP, chitseko cha m'selo chitsekeka. ADP ichoka, A izungulira, malo aja abalalika, kashiamu atulukira m'thumba. Mapulotoni akhala m'malo mwake, chitseko cha m'thumba chitsekeka, Glu183 ibweretsa madzi, fosifeti ichoka. Kenako ATP yatsopano ibwera kashiamu atakhalanso.

Wa ku Labu: Zonse zili bwino kupatula chomalizacho. M'selo lamoyo ATP ilipo yambiri, mamilimola angapo, ndiye siidikira. Imakhala kale pa N pampu isanabwerere n'komwe ku E1, ndipo kukhala kwakeko kumafulumizitsa masitepe ena. Chimene chimadikira kashiamu si kugwira ATP, ndi kusamutsa fosifeti.

Mwana wa Sukulu: Ndakonza. Funso lomaliza, poti landibwerera pamene achemwali anamwino amanena za thupi louma gwa. Munthu akamwalira thupi limauma pakapita maola angapo. Ndi zomwezi?

Aphunzitsi Opuma: Inde mwanawe. Mpweya ukasiya kufika, ATP imatha pang'onopang'ono. Pampu imaima, kashiamu amadontha kuchoka m'thumba popanda womubweza, troponin imamugwira, myosin n'kugwira actin. Ndipo myosin nayonso imafuna ATP yatsopano kuti isiye actin, ndiye ikagwira yagwiriratu. Thupi limadzafewanso pambuyo pake, osati chifukwa choti kashiamu wabwerera, koma chifukwa maenzaimu ena ayamba kudula tizingwe ta mnofuwo.

Namwino wa Usiku: Ndasambitsapo matupi ambiri, ndikuwongola zala za anthu amene ndinawasamala ali moyo, osadziwa kuti chimene chaziumitsa ndi chimenechi. Ndikupita kukaona odwala tsopano. Achemwali a ku labu, mawa mudzatiuzeko za nthenda ya khungu ija ya Darier, poti ndinawerenga kuti imachokera ku ATP2A2, ndipo ndikufuna kumva kuti pampu ya kashiamu ikukhudzana bwanji ndi khungu.

Wa ku Labu: Ndidzatero achemwali. Poyambira pake ndi apa: maselo a khungu amadalira SERCA2b kudzaza endoplasmic reticulum, thumba lawo la kashiamu, ndipo mapuloteni amene amamata selo ku linzake amakonzedwera m'menemo, mmene mumafunika kashiamu wokwanira. Mugwire bwino ntchito usiku uno.